Maola Amene Ndinawasiya pa Thanthwe la ku Shikabeta

1990 mpaka 1993

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kale kwa azakhali anu, ndipo theka lake n'zothira mchere, choncho ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Kuyendetsa helikoputa ndinakuphunzira ku usilikali. Kumeneko malipiro anali a pamwezi, uuluke usauluke ndalama ndi yomweyo, ndipo kunena zoona masiku ambiri sitinkauluka. Mafuta ankasowa, zitsulo zosinthira zinkasowa, ndeke zinkangokhala m'mashedi ngati nkhuku zofungatira, ife tili pansi pa mtengo kusewera nsolo titavala yunifolomu yosita bwino. Anzanga ena zinkawakomera. Ine zinkandidya mumtima, chifukwa chuma cha woyendetsa ndeke ndi maola amene wakhala m'mwamba. Kulikonse kumene ungakafune ntchito safunsa kuti uli ndi zaka zingati kapena unakhoza bwanji mayeso, amangoti tione maola ako. Anga ankakwawa ngati nkhono.

Mu 1993 ndinatsanzika usilikali n'kulowa kakampani kena ka mu Lusaka komwe kanali ndi mahelikoputa awiri obwereketsa. Mwini wake anali mzungu wina wochokera kummwera, tinkamutchula Bwana Deni. Sanali munthu woipa, koma mtima wake unkagona m'thumba. Chinyanja anaphunzira pafamu, ndiye aliyense kwa iye anali "iwe", ngakhale gogo wa imvi. Tsiku loyamba anandikhazika pa mgolo wa mafuta n'kundiuza kuti, "Sakala, pano pali mawotchi atatu. Yoyamba iyamba pamene wafika pa nchito, isila pamene wayenda kunyumba. Iyo ni ya boma, kuti usauluke uli wolema. Palibe amene alipila iyo. Yachiwili iyamba pamene mapiko ayamba kuzungulila. Iyo ni yako, ulemba mu buku yako. Yachitatu ni aka." Anandilozera kawotchi kakang'ono pafupi ndi bondo la woyendetsa. "Aka kayenda chabe ngati miyendo ya ndeke yachoka pansi. Kasitoma alipila aka, na ine nikulipila aka."

Panalinso kandalama ka pamwezi, kongokwana lendi ndi thumba la ufa. Zina zonse zinkachokera ku kawotchi kaja. Nditawafotokozera amayi anu madzulo ake, anasiya kusoka n'kundiyang'ana. "Ndiye mukakhala pansi tsiku lonse kuyembekeza bazungu banu, simuli pa nchito?" Ndinati ndili pantchito, koma ya ulere. Anati, "Aa, kanshi mwakwatira nchito ya nsanje."

Epulo 1996

Zaka zitatu ndinanyamula aliyense amene anali ndi ndalama: oyeza malo, ojambula nyama, oyendera nthambo za magetsi. Maola anayamba kunenepa. Kenako mnzanga wa ku usilikali anandiuza za kampani ina ya kunja yonyamula antchito kupita kumigodi ya mafuta ya pakati pa nyanja yamchere. Malipiro ake anali a madola, a pamwezi, osayang'ana kawotchi. Inkafuna munthu wa maola zikwi ziwiri, ndipo inkatseka kulemba anthu chaka chisanathe. Ine ankandiperewera mazana angapo. Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, iwe Chisomo unali pafupi kulowa sekondale, ndipo kwacha inkasungunuka m'manja. Ntchito imeneyo ndinaifuna ndi mtima wanga wonse, sindibisa.

Mwayi unabwera wokha. Akatswiri ena ofufuza miyala anabwereka helikoputa yathu chilimwe chonse kuti akagwire ntchito m'chigwa cha ku Shikabeta, m'dera la Rufunsa. Dongosolo lawo linali londikomera: m'mawa kuwaperekeza kumapiri, masana kubwerera kumsasa kudzatula matumba a miyala ndi kuthira mafuta, kukawasamutsira malo ena, kubweranso, madzulo kukawatenga. Nditawerenga ndinaona kuti pofika Okutobala maola adzakwana n'kutsalako.

Ndinapita kukasankha potera pamodzi ndi makanika wathu, Ba Lungu, munthu wa ku Petauke wokonda nthabwala ndi tiyi wa shuga wambiri. Chigwa chija n'cha mitengo yothinana, zitunda ndi fumbi. Fumbi ndi mdani wa helikoputa: potera limakuphimba maso, ndipo injini ikalimeza imatha msanga. Titazungulira kangapo ndinaona thanthwe lalikulu, losalala, lopanda mtengo ngakhale umodzi, pafupi ndi mudzi ndiponso pafupi ndi kanjira kamene lole ingadutse. Linali loyera ngati munthu walisesa. Ndinauza Ba Lungu kuti Mulungu anatikonzera bwalo la ndeke kalekale. Sitinadzifunse kuti walisesa ndani. Tsikulo linali Lamlungu, anthu onse anali kutchalitchi.

Meyi 1996

Lole inavutika masiku angapo kuchokera kumsewu waukulu, kutsika mapiri, mpaka inatula migolo ya mafuta m'mphepete mwa thanthwe. Tinamanga matenti. Tsiku loyamba la ntchito ndinanyamuka mbandakucha pathanthwe pali mbee. Pobwerera masana, nditatulukira kuseri kwa phiri ndili kale m'munsi, ndinaona thanthwe lonse lili mawangamawanga oyera, ndi anthu akuthawa uku ndi uku. Ndisanazindikire, mphepo ya mapiko inali itafika kale. Kunadzuka mtambo woyera kuposa mitengo. Ndinakoka ndeke n'kukatera pamchenga wa mumtsinje wouma, m'fumbi loti ngakhale mphuno ya ndeke sindinkaiona.

Nditafika pathanthwe wapansi, ndinapeza Ba Lungu atayera kuyambira tsitsi mpaka nsapato, atazunguliridwa ndi azimayi. Mitengo yonse yapafupi inali itadzola ufa. Patsogolo panaima mayi wina wamfupi, wa mikono ya munthu wosinja, chitenje atamanga m'chiuno mwamphamvu. Anali Amake Esinati, amene ankatsogolera azimayi a mpingo m'mudzimo. Sanakuwe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumapewa kumene kunali mizere yanga ya ukapiteni.

"Ndimwe bene bake ba ichi chimphepo?"

Ndinavomera, n'kupepesa.

"Unga wanga mwadyetsa mitengo. Manje mitengo yakhuta, bana banga badzadya chani?"

Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chiyambire. Mkulu wa akatswiri aja anatulutsa matumba a ufa wa m'sitolo mu tenti ya zakudya n'kugawira onse amene anataya wawo. Amake Esinati analandira ndi manja awiri, anathokoza bwinobwino, kenako anati, "Uyu tidzadya lelo. Nanga mailo? Chimanga china chili m'madzi, mailo tisinja. Tidzayanika kuti?"

Apa m'pamene ndinaphunzira zimene thanthwe lija linali. Chigayo chinali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, choncho azimayi ankakonola, kuviika ndi kusinja okha mumtondo. Ufa wosinja umatuluka wonyowa, ndipo ukapanda kuuma tsiku lomwelo umasasa n'kuchita nkhungu. Pakhomo pali nkhuku, mbuzi, fumbi ndi chiswe, mphasa nazo n'zochepa. Thanthwe limatentha pansi ndi pamwamba, ufa n'kuuma dzuwa lisanapendeke. Agogo awo ankayanika pomwepo, ndipo banja lililonse linkadziwa chigawo chake popanda mzere wojambula. Komanso chaka chapitacho kunali njala m'chigwamo, anthu anadya mizu ndi zipatso za m'tchire. Chimanga chimenechi chinali choyamba kukolola chiyambire njalayo.

Ndinauza Bwana Deni pa wailesi ya mauthenga. Yankho lake linali lachidule. "Manga waya kuzungulila mwala. Peleka kanthu kuli bakulu ba munzi, ika mlonda. Bazapeza mwala ina." Ndinati mwala wina kulibe. Anati, "Na ndeke ina kulibe, Sakala. Ganiza maola yako."

Ndinawaganiziradi. Maulendo a masana aja ndiwo anali pafupifupi theka la maola anga ndi theka la malipiro anga. Ba Lungu, amene ankadziwa za ntchito ya kunyanja, anandikokera pambali. "Ba Kapiteni, fodya wako ni uja ali pamphuno. Maola ali pano, tengani. Aba bamayi bakhala pano zaka na zaka, miyezi isanu siidzawapha." Sankanena mwankhanza, ankandifunira zabwino. Ndipo waya tikanamanga, palibe amene akanatiletsa. Akatswiri aja anali ndi zikalata zonse za boma, azimayi analibe pepala lililonse.

M'mawa mwake sindinauluke, ndinati ndikufuna Ba Lungu aone injini chifukwa cha fumbi lija. Ndinakhala pa mgolo n'kumaona. Dzuwa litakwera pang'ono azimayi anayamba kufika ndi mabeseni pamutu. Anaima m'mphepete mwa thanthwe, osatula, akuyang'ana ndeke ndi ine. Panali mayi wina wachitsikana, woonda kwambiri, mwana kumbuyo, kabeseni kake kakang'ono kuposa onse, ufa wake wosafika n'komwe pakamwa pa beseni. Anaima nthawi yaitali, kenako anatembenuka kuti azibwerera nawo kwawo uli wonyowa. Mtima wanga unakana. Ndinaimirira n'kuwauza kuti ayanike, lero ndeke siidzuka.

Tinapangana ndi Amake Esinati titaimirira pomwepo. Thanthwe ndi langa kuyambira mbandakucha mpaka mame atauma, ndiponso madzulo akaolola ufa. Pakati ponsepo ndi lawo. Iwo anawonjezera kuti akamaliza kuolola azitambasula chitenje chofiira pamwamba pa mgolo, kuti ndikachiona ndili m'mwamba ndidziwe kuti kwayera. Akatswiri aja ndinawakonzera dongosolo lina: tizinyamula chakudya ndi madzi, migolo ingapo ya mafuta tikaisiye pachitunda china cha nsangalabwi kumapiri, ndipo iwo akamagwira ntchito ine ndizizimitsa injini n'kudikira. Mkulu wawo anavomera msanga. Iye ankalipira kawotchi kaja, ndiye kuima kwake kunali phindu kwa iye.

Bwana Deni anapsa mtima mpaka wailesi inkalira ngati ikung'ambika. Ndinamusiya amalize, kenako ndinamukumbutsa kuti mwalamulo woyendetsa ndiye amagamula malo oyenera kutera, ndipo ine sindingatere pamene pali azimayi ndi ana. Anati ndiye chifukwa chake akufuna waya. Ndinati ana a m'mudzi waya sawadziwa, amadutsa pansi. Kenako anati, "Uzidula mwendo weka, Sakala." Sanandichotse ntchito. Kasitomala anali wokondwa, ndipo woyendetsa wina wofuna kukadyedwa ndi ntchentche zoluma za tsetse m'chigwa sakanamupeza.

Juni mpaka Seputembala 1996

Miyezi imeneyi ndimaikumbukira mokoma, ngakhale kuti inali yoonda m'thumba. Ndinkawatsitsa akatswiri paphiri, n'kuzimitsa injini, n'kukhala pamthunzi wa ndeke. Wotchi ya boma inkayenda, chifukwa ndinali pantchito. Yanga ndi ya malipiro zinali zitaima. Poyamba kudikira kunkandiwawa, ndinkangoyang'ana dzuwa n'kumawerenga zimene ndikutaya. M'kupita kwa nthawi ndinazolowera. Ndinawerenga Baibulo lonse, ndinadya masau ndi malambe mpaka mano kuyayamira, ndinaphunzira kupha tsetse ndi chipewa osaphonya. Akatswiri anandiphunzitsa kunyambita mwala kuti uoneke mtundu wake weniweni, chizolowezi chimene amayi anu akulimbana nacho mpaka lero. Madzulo pobwerera ndinkasaka ndi maso kachitenje kofiira kaja, ndipo ndikakaona mtima unkakhala m'malo ngati ndafika kwathu.

Anthu a m'mudzi anatizolowera. Ba Lungu ankawakonzera njinga ndi mawailesi, iwo n'kumatibweretsera mbatata, maungu ndi nsomba zouma. Amake Esinati ankandiseka nthawi zonse. Ankati sanaonepo mwamuna wolemera chonchi amene ntchito yake n'kukhala pamthunzi. Ndikawauza kuti pamthunzipo sindilipidwa, ankagwedeza mutu osakhulupirira.

Kunyumba ndinkabwera kamodzi pamwezi, lamulo likandikakamiza kupuma. Envulopu inali yopyapyala. Amayi anu anayamba kusoka mayunifolomu a ana a sukulu mpaka maso kufiira, ndipo nyama munkaiona Lamlungu lokha, ngati mukukumbuka. Nditawauza zonse sanandiyamikire, sanandidzudzulenso. Anangofunsa kuti, "Nanga ija nchito ya madola?" Ndinati mwina maola akwanabe. Anandiyang'ana m'mene amayang'anira nsalu yoperewera, n'kupitiriza kusoka.

Okutobala 1996

Kutatsala sabata imodzi kuti ntchito ithe, kutentha kuli kwa mtima bii, Amake Esinati anabwera kumsasa ndi azimayi ena atatu. Anavala zitenje za kutchalitchi, ndipo anakana mpando, anakhala pansi. Ba Lungu, amene pakamwa pake sipasunga madzi, anali atawauza zonse.

"Ba Kapiteni, tamva kuti muli na ulendo wa kutali, koma maola yanu yachepa chifukwa cha unga wathu. Chifukwa chani simunakambe?"

Ndinati sinali nkhani yawo.

"Manje yakhala yathu. Takambirana tonse. Iyi sabata yonse sitidzayanika pamwala. Ulukani usana wonse, mudzaze maola yanu."

Ndinkadziwa chimene iwo sankachidziwa: maola sali ngati chimanga choti ungakolole usana ndi usiku mvula isanabwere. Lamulo limaika malire a maola amene munthu angauluke patsiku ndi pasabata, ndipo ngakhale ndikanauluka mpaka pamalirewo tsiku lililonse, dzenje linali lalikulu kuposa sabata imodzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere. Koma nditaona nkhope zawo, ndi zitenje za kutchalitchi zija zimene anavalira ine, ndinalephera. Mphatso yotere siibwezedwa pakhomo. Komanso, kunena chilungamo, kamtima kena kankandinamiza kuti mwina ndinalakwitsa kuwerenga. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Sabata imeneyo ndinauluka mpaka pamalire a lamulo. Akatswiri anali ndi matumba ambiri a miyala ofunika kututa kumapiri ntchito isanatsekedwe, choncho maulendo anali enieni. Bwana Deni kwa nthawi yoyamba ananditchula "Ba Sakala" pa wailesi. Ndikamatera masana pathanthwe lopanda kanthu, ndinkaona m'mudzi azimayi atayanika pamphasa ndi pamasaka m'makomo, akuthamangitsana ndi nkhuku. Ndinamva kuti ena ufa unawasasira, anadya womwewo.

Tsiku lonyamuka ndinaphatikiza maola m'mawa, ndikumwa tiyi. Anaperewera makumi atatu ndi kanthu. Ndinabwerezanso, osasintha. Ndinene pano kuti musadikire: ntchito ya kunyanja sindinaipeze. Ndinalembabe kalata, anandiyankha mwaulemu kuti ndidzayesenso, koma chaka chotsatira sanalembenso anthu, ndipo pambuyo pake ankafuna achinyamata. Ndinaulukira muno m'dziko mpaka kupuma. Nyumba ino tinaimanga pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chinacho, ndipo sukulu munamaliza nonse ine ndilipo. Tsiku lija zinandiwawa kwambiri. Lero ndikamaganiza sindipeza chodandaula.

Tsiku lonyamuka lija matenti anali atapasulidwa, lole itanyamuka, ine ndi Ba Lungu tikumanga katundu wotsiriza m'ndeke kuti tizipita ku Lusaka. Azimayi anafika kudzatsanzika, ambiri atasenza mabeseni, kudikira kuti tichoke ayanike. Amake Esinati anayandikira.

"Ba Kapiteni, yakwana?"

Ba Lungu anandiponda chala kuti ndingovomera. Koma mayi amene uja sanali woti n'kumunamiza.

"Siyanakwane, amayi. Yachepabe."

"Na sabata yonse ija?"

"Na sabata yonse ija."

Anayang'ana ndeke. Ndinkaganiza kuti alira kapena apepesa, ndipo ndinali nditakonza kale mawu owatonthoza. M'malo mwake anafunsa kuti, "Manje ku Lusaka muthamangira chani?"

Anatembenukira anzawo n'kukweza mawu. "Yanikani! Tadya unga wosasa sabata yonse pachabe. Aba bakhale, bayende madzulo." Azimayi anaseka, ena kululuta, n'kutula mabeseni. Posakhalitsa thanthwe lonse linayera, ufa mpaka m'mphepete mwa miyendo ya ndeke, moti ngakhale kuyetsemula ndinkaopa. Ba Lungu anauza Bwana Deni pa wailesi kuti nyengo pathanthwe yaipa, tinyamuka ikasintha, n'kuzimitsa msanga asanafunsidwe zambiri.

Amake Esinati anathyola kanthambi, anakasadza masamba, n'kundipatsa m'manja.

"Pamthunzi mwakhalapo mokwana. Lelo mugwireko nchito. Mbuzi zibwerera uku."

Ndinavula jekete la mizere ija n'kulipachika pachitseko cha ndeke. Ndinaima kumene anandilozera, dzuwa la Okutobala likundiwotcha pamutu, kuyambira m'mawa mpaka anaolola. Mbuzi zinayesa kangapo, koma palibe ngakhale imodzi imene inalawa.